Mano a Nachisale ndi Thadzi Limodzi

Mnzanga wina anandifunsa tsiku lina tikuchapa pampopi: "Kodi mano ogula akakuvuta, umakabweza ngati nsapato?" Ndinamuyankha ndi nkhani iyi.

Kalekale, koma osati kale kwenikweni, ku Ndirande kunali mayi wogulitsa kaunjika, dzina lake Nachisale. Mano ake akutsogolo anali ofiirira kuyambira ubwana, moti ankaseka dzanja lili pakamwa. Ukwati wa mwana wake utayandikira anati, "Pa zithunzi za Tapiwa ndikaseka ngati anthu anzanga." Anatenga ngongole kubanki m'khonde, napita kwa dokotala wina wa mano m'tauni. Dokotalayo anapala mano anayi, nawamata tizigoba toyera topangidwa ndi dothi longa la makapu a tiyi.

Atafika kunyumba, mwamuna wake anamuyang'ana nthawi yaitali. "Amake Tapiwa, mwaluma mbale kodi?"

Tizigobato tinali tatikulu, milomo osakumana. Sabata isanathe tinayamba kugwa. Nachisale atabwerera kukadandaula, dokotala anangosuzumira pachitseko. "Munadya nzimbe inu. Ndalama sitibweza." Anatseka, osatulukanso. Popanda ndalamazo Nachisale sakanatha kukonzetsa mano kwina, ndipo ukwati unatsala masabata atatu.

Anthu atatu anamuthandiza.

Woyamba anali Mai Filesi, mnzake wa kukwaya. Kachigoba koyamba kanathothoka Nachisale akukweza mawu. Mai Filesi anakaphimba ndi phazi kuti ena asaone, nyimbo itatha anakatola. Kachiwiri anakasolola mu nthochi imene Nachisale analuma. Sanaseke ngakhale kamodzi. Ankangotola nkumasunga m'bokosi la machesi. Koma changu chinawapitirira: anatolanso kachidutswa ka kapu yawo yosweka, moti m'bokosimo munali tisanu pamene mano anali anayi.

Wachiwiri anali mlongo wake Bizwick, woitanira maminibasi ku Limbe. Anasiya ntchito masiku atatu nkukakhala naye pabenchi yodikirira. Munthu akangolowa, iye ankadzuka. "Takulandirani, bwana! Mwabwerera mano? Malo alipo! Achemwali, tasekererani, aone ntchito ya pano." Nachisale ankasekerera misozi ili m'maso, wodwala uja nkutembenuka, dzino lake lapola lokha. Kungoti masana aliwonse Bizwick ankafuna tchipisi ndi chakumwa chozizira, wolipira nkukhala mlongo wake yemweyo.

Wachitatu anali Nankhoma, woyandikana naye nyumba, mayi wosalankhulalankhula. Anamva pamaliro kuti dokotala uja akufunsira mtsikana wa ku Chilomoni, ndipo chinkhoswe chili pafupi. Anayenda wapansi mpaka kwa amayi ake a mtsikanayo. Anawapeza akusenda nandolo, nakhala pansi kuwathandiza. Lichero litadzaza ndi pamene anafotokoza chimene anabwerera. Mayiwo anapukuta m'manja nati, "Tiyeni, ndikamuone mkamwini wanga ali pantchito."

Tsiku lachitatu dokotala anatopa ndi mabenchi opanda anthu. Anatuluka maso ali psuu.

"Iwe wa minibasi iwe! Choka pano ndisanakuitanire apo..."

Anacheuka. Pakona panali patakhala apongozi ake, Nankhoma mbali ino, Mai Filesi mbali inayo, bokosi la machesi lili pamiyendo pawo. Mukudziwa mmene mkamwini amakhalira pamaso pa apongozi. Anagwada pasimenti ndi malaya ake oyerawo, nkhope atayang'anitsa kumbali.

"Bambo," anatero apongozi akuyang'ana kukhoma, "akuti izi ndi zanu. Kena anachita kukasolola mu nthochi."

Dokotala analandira ndi manja awiri, natsegula, nawerenga chapansipansi. "Koma mayi, muli tisanu. Ine ndinaika tinayi."

Mai Filesi anasuzumira, nagwira pachifuwa. "Kalanga ine! Pepani, kamodzi ndi ka kapu yanga."

"Abwezereni ka kapu kawo, bambo," anatero apongozi.

Dokotala anatembenuza aka, natembenuza ako. Anakweza kena kuwindo. Thukuta linayamba kutsika. Sanakazindikire.

Bizwick anatsegula pakamwa kuti anene zake, koma Nankhoma anamukoka malaya pang'ono. M'mawa mwake envelopu inafika kwa Nachisale, mulibe kalata, muli ndalama zonse.

Anakonzetsa mano kwa dokotala wina, ndalamazo zinathera komweko. Chothokozera chimene anatsala nacho chinali thadzi limodzi loikira mazira. Kwathu kuno nkhuku yothokozera imaperekedwa yamoyo, ndipo nkhuku yamoyo sagawana.

Mai Filesi anati, "Aa, ine ndinangotola." Komatu popanda bokosi lija dokotala akanaumirira za nzimbe.

Nankhoma anati, "Ine ndinangoyenda." Komatu popanda apongozi munthu uja sakanagwada.

Bizwick yekha anali atagula kale tomato ndi anyezi. Komatu popanda phokoso lake dokotala akanakhalabe m'chipinda mpaka lero, apongozi nkuwerukira pabenchi.

Nachisale waima pakhomo, thadzi lili m'khwapa, atatu onse akhala pakhonde. Tandiuzani inu, alipereke kwa yani?