Botolo Limene Silinasefedwe

Mayi wina ankakhala ku Bvumbwe, m'kanyumba ka malata pafupi ndi msewu. Ntchito yake inali yokonza viniga wothira mu saladi. Anaiphunzira ku Blantyre, kumene anakhala zaka khumi ndi zisanu akuphikira anthu olemera, aja amadya masamba osaphika ngati mbuzi n'kumati akhuta.

Kakonzedwe kake sikanali kovuta. Ankagula viniga woyera wa m'sitolo n'kumuthira m'mabotolo owiritsa bwino. Botolo lina ankaikamo adyo ndi tsabola wa kambuzi. Lina magalagadeya. Lina mapichesi akupsa. Lina chidede, lina jinja ndi makoko a mandimu. Akatero ankatseka, n'kuika pamthunzi, ndipo m'mawa uliwonse ankakhutchumula pang'ono. Viniga payekha alibe fungo lokoma, amangotenga la chimene mwamuikamo. Pakatha masabata atatu mayiyu ankayala nsalu yoyera pa beseni, n'kusefa, zotsalira n'kukataya kudzala.

Viniga wake ankakoma. Mukathira timadontho pa kabichi ndi tomato, ngakhale mwana wokana ndiwo zamasamba ankanyambita mbale. Eni malo ogona alendo ankachita kumulondola kuchokera ku Limbe. Amayi a kumpingo ankabwera kudzaphunzira, iye n'kumawauza kuti, "Kuikamo aliyense angathe. Luso lili pochotsa. Masabata atatu akakwana, sefani. Mukazengereza, chimene chinakometsa viniga n'chomwecho chidzamuwononge." Ankawachenjezanso za mandimu, kuti azisenda kakhungu kapamwamba kokha, chifukwa choyera cha m'kati ndi nthanga zimawawa.

Mayiyu anali ndi mng'ono wake, dzina lake Elube. Pamene mkulu anali m'tauni, Elube ndiye anatsala pamudzi kudwazika mayi awo. Mayiwo atamwalira, amalume awo anakhala pansi kugawa malo. Dimba la kumtsinje, mmene munali mtengo wa mandimu umene anabzala malemuwo, analipereka kwa Elube. Mkulu uja amalumewo anam'patsa kamunda ka kumtunda, kamiyala yokhayokha.

Tisanamizane, abale anga, mayiyu anali ndi chifukwa chodandaulira. Malata a nyumba ya mayi awo anagula ndi iyeyu. Mankhwala ankatumiza ndi iyeyu. Ndipo pamene amalume ankagawa, Elube anangoweramitsa mutu, osanena n'komwe kuti, "Iyayi amalume, tigawane." Zinamupweteka mayiyu. Inenso zikanandipweteka.

Tsiku lomwelo anatsikira kudimba n'kuthyola mandimu asanu ndi awiri. Atafika kunyumba anatenga botolo lalikulu koposa onse. Sanasende bwinobwino monga ankaphunzitsira anzake. Anangowaduladula mwaukali, makoko omwe, choyera chomwe, nthanga zomwe, n'kuwaponya m'botolo. Anadzaza viniga mpaka m'khosi mwa botolo, natseka.

Masabata atatu anakwana. Anayala nsalu pa beseni. Ananyamula botolo lija, dzanja lili kale pa chitsekerero. Kenaka anaima. Anati mumtima mwake, "Ndikasefa, mandimu a mayi anga apita kudzala. Nanga anthu ndidzawaonetsa chiyani?" Anapinda nsalu ija, botolo n'kulikweza pamwamba pa kabati.

Kuyambira pamenepo botolo lija linasanduka mboni. Mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo ankalionetsedwa. Wodzagula viniga, wodzapempha moto, ngakhale mkulu wa mpingo wodzayendera nkhosa, onse ankamva nkhani imodzimodziyo. "Mukuona awo? Ndi mandimu otsiriza amene ndinathyola mu mtengo wa mayi anga, mng'ono wanga asanandilande." Anthu ankapukusa mitu n'kumati pepani. Pepani ameneyo ankam'komera mayiyu kuposa chakudya.

Viniga akachepa, ankawonjezeramo wina. Chitsekerero chikadyeka ndi dzimbiri, ankasintha n'kuikapo chatsopano. Mabotolo ena onse ankabwera n'kupita, koma ili ankalipukuta fumbi Loweruka lililonse. Madzi ake anayamba kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Mandimu aja anafewa, anaphwanyika, anasanduka matope pansi pa botolo, moti munthu wosauzidwa sakanadziwa kuti anali mandimu. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho. Ndipo pa zaka zonsezo mayiyu, katswiri wolawa viniga, sanalawepo wa m'botolo limeneli ngakhale kamodzi.

Elube sanangokhala. Nyengo ya mandimu ikafika, ankadzaza dengu n'kutuma mwamuna wake kuti akapereke kwa mkulu wakeyo. Uthenga unali womwewo chaka ndi chaka: mtengo ndi wa tonse, achemwali abwere azidzathyola okha.

Mayiyu ankaima pakhomo osalandira dengu. "Alamu, bwererani nawo. Mandimu ndili nawo."

Lamulungu iye ndi Elube ankapezeka m'tchalitchi chimodzi, wina benchi la kumanja, wina la kumanzere. Nyimbo za chikhululukiro mayiyu ankaziimba mokweza kuposa aliyense, maso ali chotsinzina. Inu mukuseka, koma ine ndimaima kutsogolo kuno, mabenchi onse ndimawaona.

Chaka chachisanu ndi chiwiri Elube anadwala. Anapita kuchipatala, anabwerako, anapitanso, mpaka madokotala anati akapumire kunyumba. M'kamwa mwake munaipa. Phala linkam'kana, nyama inkam'nunkhira, tiyi ankangomuyang'ana. Tsiku lina Lachiwiri m'mawa, mwamuna wake anakwera njinga n'kufika pakhomo pa mayi uja. Ulendo uno analibe dengu.

"Alamu, mng'ono wanu sakudya. Akuti mwina tomato angalowe atathira viniga wanu uja wa mandimu."

Pa shelefu panali mabotolo khumi ndi awiri osefedwa bwino, oyera mbee, ndipo atatu mwa iwo anali a mandimu. Dzanja la mayiyu linapita pomwepo. Linagwira botolo labwino. Abale anga, linagwira ndithu! Kenaka maso ake anakwera pamwamba pa kabati. Anabweza botolo labwino lija, anakoka mpando, natsitsa botolo lakale. Anathirako m'kabotolo kakang'ono n'kupereka kwa mlamu wake.

"Akalawe. Ndi mandimu a m'dimba lake lomwe."

Musamuyese mfiti mayiyu. Sankafuna kupha munthu. Ankangofuna kuti Elube amve, kamodzi kokha, mmene iye wakhala akumvera. Ambiri a ife tikamapweteka anzathu timanena zomwezo, kuti tikungofuna amve.

M'mawa mwake mlamu uja anabweranso, kabotolo kali kotsuka. "Wadya tomato yense, sanasiye. Akuti zikomo. Akuti mubwere, akufuna akuoneni."

Mayiyu anadabwa. Ankayembekeza dandaulo, mwina chipongwe, chinthu choti akawonjezere pa nkhani yake ija. Zikomo sanadziwe pomuika. Anayang'ana pa shelefu nati, "Ndibwera Loweruka. Sabata ino ndili ndi mabotolo ofunika kusefa, tsiku lake likadutsa awonongeka."

Mabotolo aja anawasefa pa nthawi yake, ndipo anatuluka bwino kwambiri. Elube anamwalira Lachinayi masana.

Maliro anayenda monga amayendera maliro. Mayiyu analira, anthu anam'gwira, anamupepesa. Atabwerera kunyumba, patatha sabata, kunabwera munthu wodzagula viniga. Mayiyu mwachizolowezi analoza pamwamba pa kabati, natsegula pakamwa kuti ayambe nkhani ija. Mawu sanatuluke. Woimbidwa mlandu anali kumanda. Wogula uja anatenga botolo lake n'kumapita.

Atatsala yekha anatsitsa botolo lija. Anatenga supuni, anathira pang'ono, nalawa.

Sikunali kuwawasa kwabwino kuja kumene kumatsegula m'kamwa. Kunali kuwawa kwenikweni, kogwira pakhosi, konunkha dzimbiri ndi zowola. Anathamangira panja kukalavula. Anachukucha m'kamwa ndi madzi, anatafuna nzimbe, koma kuwawa kunakanirira palilime. Anasiya chitseko chosatseka n'kutsetserekera kudimba, kumene anapeza mlamu wake akuthirira mbewu.

"Alamu, viniga uja Elube anadya bwanji?"

Bamboyo anaika kheni pansi. "Ndinayamba kulawa ndine. Ndinati titaye. Anakana. Ankameza misozi ikutsika, n'kumati, 'Atumiza ndi achemwali, ndidya.' Anamaliza mbale yonse."

Mayiyu anabwerera kunyumba. Anayala nsalu pa beseni, nsalu ija anaipinda zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Anasefa. Matope onse anatsala pansalu. Analawa, n'kupeza kuwawa kuli pomwepo. Anatenga nsalu yatsopano, anasefanso kachiwiri, kachitatu. Anathiramo shuga. Anathiramo uchi. Anatsegula botolo la viniga wabwino n'kusakaniza, nalonso linawonongeka. Nsalu imagwira zinyalala, koma chimene chasungunuka kale m'madzi siingachigwire. Pomaliza anakakhuthula zonse kuseri kwa nyumba, ndipo udzu wa pamenepo unauma.

Abale ndi alongo, fanizoli tanthauzo lake nali.

Viniga ndi mtima wanu. Mtima umatenga fungo la chimene mwauikamo n'kutsekera. Mandimu aja ndi zimene anthu anakulakwirani. Sindikunena kuti sanakulakwireni. Anakulandani munda, anakunamizirani, anakusiyani ndi ana, anangokhala chete pamene anayenera kukuikirani kumbuyo. Zinachitikadi, ndipo Mulungu anaziona. Kumva kupweteka si tchimo. Kupweteka kuli ndi nthawi yake, ndipo kumatha kum'phunzitsa munthu nzeru ndi chifundo. Koma nthawi yake imatha. Ikatha, muyenera kuchotsa.

Vuto lathu ndi lakuti timakonda mboni kuposa m'bale. Timasunga cholakwa cha mnzathu pamalo oonekera, timachipukuta fumbi, chikayamba kuzirala timachiwonjezera, kuti aliyense wobwera atiuze pepani. Tokha sitilawa, n'chifukwa chake sitidziwa kuti tafika powawa bwanji. Amadziwa ndi amene amadya za m'manja mwathu. Ana athu amadziwa. Amuna athu ndi akazi athu amadziwa. Ndipo kawirikawiri amene amameza zowawa zathu mwakachetechete ndi yemwe amatikonda kwambiri.

Chimene chimandiwawa ine pa mayi ameneyu n'chakuti ankadziwa. Sanali mbuli. Ankaphunzitsa ena, ndipo mabotolo a malonda sanaphonyepo tsiku. Ife ndi chimodzimodzi. Za kukhululuka timazidziwa pamtima, tikhoza kulalikira bwino kuposa ine. Tikamva kuti a uje sakuyankhulana ndi mlongo wawo, timathamanga kukawalangiza. Koma botolo lathu, limodzi lokhalo, timati ili ndi lapadera, Mulungu amvetsa.

Mulungu amakhululuka, zimenezo n'zoona. Mayi uja akalapa, Mulungu amulandira. Koma mbale ija ya tomato Mulungu sadzaibweza kuti mayiyo athiremo viniga wabwino. Pali zinthu zimene kulapa kochedwa sikukonza pansi pano.

Tsono ndikufunseni. Dzina limene labwera m'mutu mwanu pamene ndimalankhula, ndi la ndani? Musatembenuke kuyang'ana benchi linalo, ndikukuonani. Tikatuluka muno musayambe mwapita kunyumba kukaphika. Musati ndidikire mtima ukhale pansi, chifukwa mtima umenewo mwaudikira zaka zingati? Pitani momwemo, mtima ukuwawa choncho, mukagogode.

Munthu ameneyo lero akupuma. Za mawa ine sindingakulonjezeni.