Mizere ya Kopolo Mbidzi

Kale, m'chigwa china cha udzu wautali, Mbidzi ndi Nkhukundembo anakangana pa nkhani ya mizere. Nkhukundembo anali mlendo wochokera kutsidya kwa nyanja yamchere, wotumidwa ndi mfumu ya kwawo kudzalamulira asilikali a m'chigwamo. Ankatchedwa Kaputeni, ndipo akatukumula nthenga n'kufiira pakhosi ankaona ngati dziko lonse lamuchepera. Mbidzi anali msilikali wakale pakampupo, kopolo wa mizere iwiri, wosalankhulalankhula koma wouma khosi akaona kuti zinthu zakhota.

Malamulo a kampu anali m'buku lalikulu limene Kaputeni anabwera nalo. Bukulo linkati nyama yobadwira m'chigwa singapitirire pa usajeni, ngakhale itamenya nkhondo mpaka mano kuguluka. Linkatinso udindo uzionekera pa mizere ya paphewa: umodzi, iwiri, itatu, basi. Motero nkhukundembo wadzulodzulo, wosadziwa n'komwe kumene kuli mtsinje, ankalandira sawatcha kwa Njati waimvi, eni bukuwo osaona chachilendo.

Chaka chimenecho mvula inadula msanga. Msipu wobiriwira unatsala padambo la kampu pokha, ndipo asilikali ankalondera usana wonse kuti pazidya mabanja a akuluakulu okha, kuyambira sajeni kupita m'mwamba. Mkazi wa Mbidzi anali ndi khanda loyamwa, ndipo mkaka unali utayamba kuchepa. Mbidzi ankaufuna usajeni ndi mtima wonse, osati kaamba ka ulemu, koma kuti mkazi wake adye.

Tsiku lina anamuitana ku ofesi. Pakhomo anakumana ndi Birimankhwe, mlembi ndi womasulira wa Kaputeni, amene ankasintha maonekedwe malinga ndi amene wayima naye. Tsikulo anali wofiira pakhosi ngati bwana wake.

"Mwayi wanu wafika, a Kopolo," anatero Birimankhwe. "Bwana akuti zaka khumi ndi ziwiri zakwana, akukwezani. Koma pali kanthu kamodzi. Buku likuti msilikali asaoneke ndi mizere yoposa udindo wake, ndiye inu muli nayo thupi lonse."

"Imeneyitu ndinabadwa nayo," anayankha Mbidzi.

Kaputeni anagogoda buku ndi mlomo wake. "Buku silinena za kubadwa. Mzere uliwonse pakampu pano umachokera kwa mfumu yanga. Udzole njereza thupi lonse, ife tikulembere itatu paphewa."

Mbidzi anazengereza, koma Birimankhwe anamunong'oneza. "Achimwene, walira mvula walira matope. Ine ndimasintha kakhumi pa tsiku, kodi ndafa?" Mbidzi anakumbukira nthiti za mkazi wake, navomera. Anamupaka njereza kuyambira kumphuno mpaka kumchira, namulembera mizere itatu ndi makala.

Masana omwewo anathamangira kwawo kukanena uthenga wabwino. Khanda lake litamuona linalira, n'kukabisala kumbuyo kwa amake. Paja mwana wa mbidzi amadziwa makolo ake ndi mizere, chifukwa palibe mbidzi ziwiri zofanana. Mbidzi analiitana ndi mawu omwe ankaliitanira masiku onse, koma khandalo silinatuluke kumbuyoko.

"Bambo a mwana, imani pomwepo," anatero mkazi wake. "Mwanayu akuona bulu wachilendo. Inenso ndakudziwani ndi mawu okha."

"Ndachitira inu zimenezi. Mawa mukadya padambo."

"Tikadya inde. Nanga akakula n'kufunsa kuti bambo ake anali otani, ndidzamuonetsa chiyani?"

Mawu amenewa anamupweteka Mbidzi kuposa mabala onse a kunkhondo. Anachita manyazi, kenako anapsa mtima. Anatsikira pachithaphwi chomwe chinatsala mumtsinje, nasamba mpaka madzi onse kuyera mbuu.

M'mawa lipenga litalira, asilikali anafola pa perete kuti aone sajeni watsopano. Mbidzi anatulukira mizere yake yonse ikuwala, nakaima pamalo pake. Kaputeni anatupa ngati chule. Birimankhwe anayamba kusintha mitundu motsatizana, osadziwa kuti aime pa uti.

"Wapatsidwa ndi yani mizere imeneyo?" anakalipa Kaputeni.

"Ndi amayi anga, bwana," anayankha Mbidzi osagwetsa nkhope. "Iwo anailandira kwa amayi awo, mfumu yanu isanadziwe kuti kuno kuli chigwa. Itatu yanu ija yapita ndi madzi. Iyi yakana."

"Ndikutsitsa udindo lero lomwe!"

"Tsitsani umene munandipatsa. Umenewo ndi wanu."

Kaputeni anatsegula buku, napeza pamene pankati wotsitsidwa udindo achotsedwe mizere yonse pamaso pa anzake. Analamula Njiri ndi Nguluwe kuti atenge miyala ndi mchenga amukwechese. Awiriwo anakwecha monyinyirika mpaka dzuwa kufika pamutu, ubweya kusosoka, magazi kuyamba kuchucha paphewa. Mbidzi sanabuule kapena kusuntha phazi, ndipo mizere inali pompo.

Njiri ndiye anayamba kutaya mwala. "Bwana, ine ndatopa. Uyu anandinyamula pamsana nditalasidwa mwendo. Sindingamusende ngati chinangwa."

"Tola mwalawo, apo ayi nawenso uona!" Kaputeni anatembenukira kwa asilikali onse. "Ndipo kuyambira lero aliyense wa mizere yosaloledwa adzola njereza. Ndani winanso ali nayo?"

Apa ndiye analakwitsa, poti zaka zonsezo anali asanawayang'anitsitsepo asilikali ake. Ngoma anatuluka pamzere, natembenuka kuti mizere yoyera ya m'nthiti mwake ioneke bwino. Mbawala anatsatira, kenako Msulu, kenako Kanyimbi atakweza mchira. Njati, amene analibe mzere ngakhale umodzi, anayenda pang'onopang'ono nakaima nawo.

"Iwe ulibe mizere, bwerera," anatero Kaputeni, mawu atayamba kuchepa.

"Ndili nayo ya zikoti zanu, bwana," anayankha Njati. "Muiwerenge."

Mbidzi anavula lamba wa usilikali naugwetsa m'fumbi patsogolo pa Kaputeni. Sanachite sawatcha. Anayenda motsimphina kulowera kuchipata, ndipo anzake anavula awo mmodzimmodzi namutsatira. Kaputeni anakuwa kuti agwidwe, koma oti awagwire anali omwewo amene ankatuluka.

Atafika panja, Njiri anafunsa kuti, "Tsono a Kopolo, ana athu adya kuti? Dambo lija n'loletsedwa."

Mbidzi anaima nalipenya dambolo. Linalibe mpanda, linalibe dzenje, linalibe minga. "Ankatiletsa ndani?" anafunsa. Onse anayang'anana, ndipo Ngoma anaweramitsa nyanga zake ndi manyazi, chifukwa ndiye ankalondera chakum'mawa, Njati chakumadzulo.

Dzuwa lisanalowe, nyama za m'chigwa chonse zinali padambo ndi ana awo. Kaputeni anathamanga uku ndi uku akuwerenga malamulo mokweza, koma mawu ake ankamira m'phokoso la mano obudula udzu. Birimankhwe anaoneka panthambi atasanduka wa mizere yakuda ndi yoyera, akuuza aliyense kuti iye anali kumbali yawo kuyambira kale. 

Patapita masiku, Nkhukundembo anamanga buku lake pamsana nabwerera kunyanja, wopanda womunyamulira katundu. Mbidzi sanakhalenso sajeni, ndipo chipsera cha paphewa anafa nacho. Koma mkazi wake anadya nakhuta chilimwe chonse, mkaka unabwerera, ndipo khanda lija linakula.

Phunziro: Udindo umene umafuna kuti uyambe wafufuta chimene unabadwa nacho si ulemu, ndi goli. Ndipo wopondereza amalimba ndi mapazi a anthu omwe akuwaponda. Akakana kumulondera, amatsala yekha ndi buku lake.