Dontho Limene Linaimitsa Galimoto ya Ukwati

Panali munthu wina amene anali ndi pikapu yakale yobiriwira. Penti inali itasupuka m'mbali, chitseko chakumanzere ankachimanga ndi waya, koma injini yake inali nkhani ina. Inkakwera mapiri itasenza matumba makumi awiri a chimanga, ndipo pa zaka khumi ndi zisanu sinamugonekepo panjira.

Munthuyu anali ndi mng'ono wake, makaniko wa pansi pa mtengo, amene kale ndiye ankaisamala galimotoyo. Awiriwa anayambana chifukwa cha malire a dimba la malemu bambo awo, ndipo panapita zaka ziwiri osapatsana moni. Akakumana pa maliro, aliyense ankayang'ana kwake.

Linafika tsiku la ukwati wa mwana wamkazi wa mkuluyo. Iye anali atalumbira kuti mwana wake sadzakwera galimoto yobwereka. Analawira m'mamawa, natsuka pikapuyo mpaka matayala. Kenako anakumbukira kuti pakati pa akuchimuna pali madalaivala, anthu osakhutira ndi penti, okonda kusuzumira pansi pa boneti. Ndiye anatsegula boneti, nawaza sopo wa ufa, nalumikiza paipi ku mpopi. Anatsekera kukamwa kwa paipiyo ndi chala cha mkombaphala kuti madzi atuluke mwaukali. Girisi wa zaka zonsezo anayenderera pansi, injini inawala ngati sefuliya yatsopano.

Akumangirira maliboni, mng'ono wake uja anatulukira atavala suti. Sanaitanidwe, koma mwana wa m'bale wako ndi mwana wako. Anaika dzanja pa boneti nati, "Yawala, achimwene."

Awa anali mawu oyamba pa zaka ziwiri. Mkuluyo anangopitiriza kumangirira maliboni ake.

Nthawi itakwana, mkwatibwi anakhala kutsogolo, velo ili kumaso, azimayi akuimba nthungululu. Bambo ake anapotokola kiyi. Injini inangozungulira, osalira. Anayesanso, inatsokomola kamodzi n'kukhala chete. Amuna asanu ndi mmodzi anavula majekete, naikankha kutsetsereka mpaka pa chitsime, n'kuibwezanso thukuta lili kamukamu. Anabwereka batire kwa aneba, osathandiza. Petulo anali wodzaza. Dzuwa linali kukwera, ndipo belu la ku tchalitchi linalira kachiwiri.

Pamenepo manong'onong'o anayamba. "Galimoto yabwinobwino dzulo lomweli. Waigwira ndani m'mawa uno?" Panalibe wofunika kuyankha, pakuti onse anaona amene anaigwira. Mtima wa mkuluyo unawira. Anatuluka, naima pakati pa bwalo, naloza mng'ono wake, mawu akuti mfiti ali kale pa lilime. Mawu amenewo mukuwadziwa. Akatuluka pamaso pa anthu sabwerera, amamatirira munthu pamodzi ndi ana ake ndi zidzukulu zomwe.

Mng'onoyo anaona chalacho, koma sanadziikire kumbuyo. Anayang'ana thovu la sopo limene linali kuuma pansi pa galimoto. Anavula jekete, napinda manja a malaya ake oyera.

"Tsegulani boneti, achimwene."

Mkuluyo anatsegula, mwina pofuna kuti amuchititse manyazi bwinobwino. Makanikoyo sanagwire batire, sanagwire sipanala. Anamasula kachipewa kakuda kamene kamagawira moto ku mapulagi, nakatembenuzira ku dzuwa. M'kati mwake munali dontho limodzi la madzi, laling'ono ngati njere ya mapira. Anakapendeketsa, dontholo linagwera pa chikhadabo chake, ndipo analikweza kuti anthu onse aone.

"Amene wamanga ukwati ndi uyu," anatero.

Anapukuta m'katimo ndi mpango wa m'thumba la suti, nauziramo mpweya, nakabwezera pamalo pake. "Lizani."

Kiyi itangopotokoka, injini inabangula.

Bwalo lonse linaphulika ndi nthungululu, koma mkuluyo anangokhala pa mpando kukamwa kuli yasa. Mantha anamugwira, mantha a munthu amene waona chinthu chomupitirira nzeru. Chitsulo chokwera mapiri, chimene amuna asanu ndi mmodzi analephera kuchidzutsa, chinagonja ndi kadontho kokhala pa chikhadabo! Anayang'ana dzanja lake. Dontholo linadutsa pansi pa chala chake potsuka injini paja, chala chomwecho chimene anali atangoloza nacho mwana wa mayi ake.

Anatsika injini ikulira. Anagwira mng'ono wake dzanja pamaso pa onse, nati:

"Mphwanga, yendetsa ndiwe. Kamufikitse mwana wako ku tchalitchi."

Iye anakwera kumbuyo, nakhala pa tayala la sipeya ndi suti yake yatsopano. Njira yonse ankangopukuta m'maso, anthu n'kumati ndi fumbi.

Tsono inu amene mukumva, zikaima m'nyumba mwanu, musathamangire kufunsa kuti wagwira ndani. Yambani mwafunsa kuti ine ndathira chiyani, ndipo ndathira kuti ndionedwe ndi ndani. Pamene pamadutsa moto ndi pobisika, ndipo dontho limodzi limakwanira kupazimitsa. Musanatambasule chala, chiyang'aneni kaye ngati sichinanyowe.