Kabokosi Kamene Mayi Pepani Anakaona

Mu ofesi ya akatswiri a zakuthambo munali mayi wina amene anzake ankamutcha Pepani. Dzinali silinagwe kumwamba: ngakhale umuponde phazi, woyamba kupepesa ankakhala iyeyo.

Mayiyu ankafufuza mpweya wotentha wozungulira pakatikati pa mlalang'amba wina, pomwe pali dzenje lakuda lomeza chilichonse. Mpweyawo umatulutsa kuwala kwa X-ray, konga kounikira mafupa kuchipatala, koma kofooka zedi, pomwe pakatipo pamawala mothobwa m'maso. Kuujambula kuli ngati kujambula chiphaniphani pambali pa getsi la galimoto. Kamera imayenera kuphethira msangamsanga, apo ayi kuwala kwa pakati kumasefukira n'kukwirira zonse.

Atadikira zaka zitatu, anamupatsa tsiku limodzi lokha pa telesikopu ya m'mlengalenga, yomwe inali itakalamba ndipo inkayembekezeka kupuma chaka chomwecho. Fomu youza akatswiri oyendetsa telesikopu mmene atchere kamera anadzaza ndi a Pulofesa, mkulu wa ofesiyo, munthu wokoma mtima koma wosapatsa mnzake mpata wolankhula. Ankadzaza uku akusimba za unyamata wawo, ndipo Pepani, ataima kumbuyo kwawo, anaona ndi maso ake akuchonga kabokosi ka kuphethira pang'onopang'ono.

Mayiyo anayesa kuwachenjeza: "Pepani, a Pulofesa, kabokosi ako..."

"Mwati bwanji, mayi?" anatembenuka, magalasi ali pamphuno. Maso onse m'chipindamo anali pa Pepani.

"Ayi, palibe. Ndimati mwadzaza bwino."

Pepani anadzilimbitsa mtima kuti munthu wa imvi zonsezi sangalakwitse. Mawa lake anafikadi pachitseko chawo, koma atamva akuseka pafoni anabwerera, poopa kuwasokoneza. Ulemu wake unali wosiririka ndithu, moti fomu inapita mwamtendere.

Chithunzi chitafika, onse anaunjikana pakompyuta. Pakati panali chibanthu choyera mbee, ndipo chimzere chowala chinadutsa penipeni pomwe mpweyawo unayenera kuonekera. Pepani anayang'anitsitsa chithunzicho, misozi ili lengelenge.

"Kalanga ine, ndinachonga polakwika!" a Pulofesa anagwira kumutu. "Nanga nonsenu palibe anaona?"

"Ndinaona," anatero Pepani chapansipansi.

"Munaona? Ndiye osandiuza bwanji, mayi? Inetu ndimakonda anthu ondidzudzula! Chikanakhala chinthu cha mphindi imodzi."

Chomupweteka kwambiri chinali chakuti ankanena zoona. Iwo anali ndi milalang'amba ina khumi yoti aisimbe, ndipo pofika masana anali atayambiranso nthabwala. Wa Pepani unali umodzi womwewo, ndipo telesikopu ija anaizimitsa mwezi wotsatira. Paja akuluakulu anati mbewa ya manyazi inafera kuuna.