Utsi Wothamangitsa Njovu

Mvula ikakhazikika ku Kapondo, udzudzu umachita ngati mudzi ndi wake. Ndiye tsiku limene alendo a ku Guilleme ankabwera kudzafunsira mbeta Tiyamike, malume ake a mtsikanayo, a Lameki, mtima sunali m'malo. Mwana wa mlongo wawoyu anali atakhalitsa pakhomo, ndipo Rodrick, mnyamata amene anamupezayo, anali mlimi wa mtedza wolimbikira, wosalawa n'kachasu komwe. Wotereyu ukamutaya umalira chaka chonse.

Akazi a Lameki, a Anasi, anali atathyola kale mphungabwi kudambo.

"Tingofukiza masambawa pang'ono alendo asanafike, udzudzu uthawa," anatero mayiwo.

"Mphungabwi? Zachibwana zimenezo!" anayankha a Lameki. "Ine ku Zambia ndinaona ndi maso angawa. Anzathu kumeneko amasakaniza ndowe ndi tsabola n'kuyatsa, njovu n'kuliyatsa liwiro. Nanga chothamangitsa njovu chingakanike kaudzudzu?"

"Koma bambo, amayatsa kumunda kapena m'nyumba? Bwanji mufunseko kaye anthu amene anakhalitsa kumeneko?"

"Ndifunse chiyani? Ndikudziwa kale ine!"

A Anasi anangobwerera kukhitchini. Mwamuna wawo ankamudziwa: akagwira mfundo, ngakhale abusa sangamulande.

Alendo anafika dzuwa litapendeka, kamvula kakuwaza. Anali a Felix, malume a Rodrick, atavala jekete la kutchalitchi, pamodzi ndi mnzawo wowaperekeza. A Lameki anawalowetsa m'nyumba mwaulemu wonse, n'kubwera ndi mbaula. Pamakalapo panali ndowe zouma ndi tsabola wa kambuzi wodzaza manja awiri. Kenako anatseka mawindo, chitseko n'kuchikankha ndi phewa kuti utsi usatayike.

A Felix anakonza kukhosi. "Ife tabwera, tambala wathu waona msoti pakhomo pa..."

Mawu anathera pomwepo. Kalanga ine, chifuwa chake! Mkulu wa ulemu wake anayamba kutsokomola ngati mbuzi yomeza pulasitiki, mnzawo uja akuyetsemula mosalekeza, misozi ndi mamina zili chuchuchu.

"Pirirani pang'ono, bambo, udzudzu ndiye ukuthawa," anatero a Lameki, iwonso maso ali psuu.

Udzudzu kaya unathawadi, palibe anauona. Chimene chinaoneka ndi anthu atatu akulimbirana chitseko, pomwe chitsekocho chinali chitafufuma ndi mvula, osatheka kutseguka. A Felix anatulukira pawindo, jekete lija n'kutsala theka pamsomali. Otsalawo anawapulumutsa ndi a Anasi, amene anachimenya chitseko ndi munsi.

Mpweya utabwerera, a Felix anayankhula mokwiya. "Mukanangotiuza kuti mbeta ili ndi mwini, bwenzi titabwerera ndi ulemu wathu. Koma kutifukiza ngati mbewa kuuna?" Anakwera njinga osatsanzika.

Tiyamike analira mpaka mawu kusasa. Mayi ake, mlongo wawo wa a Lameki uja, anaima pabwalo manja ali m'chiuno. "Achimwene, mwana wanga akakalambira pano, mumukwatira ndinu?"

Kutacha, a Lameki anamangirira tambala pakaliyala, ulendo wa ku Guilleme kukapepesa. Kumeneko anawakhazika pansi pa mtengo wa mango mpaka madzulo. Udzudzu wa kumeneko unawalandira bwino zedi, m'khosi ndi mu akakolo, ndipo sanayerekeze kudzimenya n'kamodzi komwe, kuopa kuoneka amwano. Potsiriza a Felix anatuluka.

"Ana sanalakwe, ukwati ulipo," anatero. "Koma unkhoswe mupatse wina. Mapapo ndili nawo awiri okha."

Pa tsiku la chinkhoswe, akuluakulu anzawo atakhala pamipando ya kutsogolo, a Lameki, mwini mbumba yense uja, anapatsidwa ntchito yolondera njinga za alendo kuseri kwa nkhokwe. Nthungululu ankangozimvera patali, ndipo zinawawawa kuposa tsabola. Akuluakulu sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.