Zilembo Ziwiri Pansi pa Mbale

Mvula ya ku Sheffield inali isanakate chiyambire Lolemba. Enoch Thackray, mmisiri wa siliva, anakhala pa benchi yake ali wefuwefu. Zaka makumi asanu ndi awiri. Maso achidima, zala zouma gwa.

Patsogolo pake panali mbale yaikulu ya chivundikiro, yoperekera nyama patebulo. Inasulidwa ndi agogo a bambo ake, a Jabez. Umboni unali kunsi kwa mbaleyo: kamkango, chisoti chachifumu ndi zilembo ziwiri, J.T., zonse zazing'ono ngati njere za mpunga. A kunyumba yosungira zakale ankaifuna Lachisanu, aiike m'galasi, dzina la a Jabez lilembedwe pambali. Enoch anadikira zimenezi moyo wake wonse.

Koma mbale inali itada bii. Kupukuta ndi nsalu kukanadya masiku atatu. Enoch anayang'ana makina opukutira.

Mlongo wake Winifred analowa ndi tiyi.

"Achimwene, musayerekeze. Siliva wakaleyo ndi wopyapyala kale. Bambo ankati chiyani?"

"Bambo ali gone kumanda. Msana ukuwawa ndi wanga."

"Ndiye valani magalasi, nkhalamba inu."

"Zaka makumi asanu ndili pa ntchitoyi. Undiphunzitse iwe, wolephera ndi tiyi yemwe?"

Winifred anaika kapu, natuluka. Makina analira. Mbale inayamba kung'anima, Enoch nakomedwa. Anaitembenuza. Anakanikiza kunsi komwe, kamodzi, kawiri. Ola lisanathe inali ngati kalilole.

Lachisanu kunafika mayi Ollerenshaw a kunyumba yosungira zakale. Anatulutsa galasi lokuzira zinthu. Anafufuza, nafufuzanso.

"A Thackray, zizindikiro zili pati?"

Enoch anapapasa ndi chala. Posalala see. Kamkango kanatsala mchira wokha. Zilembo zinali zitapita.

"Chidindo cha agogo chili m'kabatimu. Ndidindanso."

"Umenewo ndi mlandu, mukudziwa bwino. Ndipo ine ndaona kale." Mayiwo anausa moyo. "Mbale njokongola. Koma tingolemba kuti wosula sadziwika."

Atapita, Enoch anagwada pansi pa makina. Amisiri a siliva sataya fumbi, amalisesa n'kulisunga. Analisonkhanitsa m'chikhatho, lakuda, lopepuka. Dzina la a Jabez linali momwemo. Winifred anaima pakhomo akumuyang'ana. Madzi akatayika saoleka.