Zithunzi Zimene Overtone Ankakana Kufufuta

“Ifufuteni basi! Mwanena nokha kuti mukafufuta zonse ichira.”

“Ndati sindifufuta, Magdalena.”

“Eya, mungafufute bwanji mano a Miriam?”

Anatero mkazi wakeyo, Overtone maso ali pakamera. Mwamunayo anali pakhonde la nyumba yawo ya lendi ku Namadzi, kamera ili pamiyendo ngati mwana wodwala malungo. Kamerayo anamutumizira ndi mkulu wake wa ku Joni m’chaka cha 2007, ndipo ndiyo inali khasu lake. Inali ya makono, yosafuna filimu. Zithunzi zinkasungika m’kakhadi kakang’ono ngati sitampa. Koma kuyambira Lolemba inkangoti akaiyatsa n’kuuma gwa, batani lililonse osamva, kenaka n’kulemba funso la Chingerezi lofuna kuti munthu avomere kufufuta zonse za m’khadimo. Tsikuli linali Lachisanu. Mawa lake kunali ukwati ku Mauwa, wojambula ali yemweyu.

Anachotsa mabatire, n’kuwabwezera. Anatulutsa khadi, n’kupukuta timano take tagolide ndi nsonga ya malaya. Anasuntha kaloko ka m’mbali mwa khadiyo. Atayatsa kamera yopanda khadi inadzuka bwinobwino; atabwezera khadi, gwa!

“Kamera ilibe mlandu,” anatero. “Ndi khadiyi. Zikukhala ngati wina anaizula kagetsi kofiira kakuphethira.”

Magdalena anayang’ana kumbali. Anaizula ndi iye, Lamulungu, mwamuna ali kosamba. Anathamanga nayo kwa mnzake Matilda kuti akaone pafoni akazi amene ali m’menemo, koma khadiyo inakana kulowa, inali yaikulu.

Nsanje yake sinali yopanda poyambira. Zaka ziwiri m’banja, iye ankangomva mwamuna wake akuuza akazi a eni ake kuti, “Mwetulirani pang’ono, asisi. Tembenuzani khosi. Eee, mwatchena!” Makamaka Miriam wa kwaya, yemwe ankajambulitsa diresi lililonse latsopano. Koma kwa mkazi wa m’nyumba mawu anali akuti, “Madzi osamba atentha?”

“Muli zithunzi zomwe sindingazitaye,” anatero Overtone akutulutsa njinga. “Ndikabwereke khadi kwa a Asumani ku Nchema, ndijambulire ukwatiwu. Iyi Lolemba ndipita nayo ku Limbe, akatswiri a makompyuta akazipulumutse. Bwanji osangondifunsa kuti ndi zithunzi za ndani?”

“Ine sindifunsa zomwe ndikuzidziwa kale.”

“Chabwino, amayi odziwa zonse. Koma usaigwire.”

Fumbi la njinga lisanakhazikike, kamera inali m’manja mwa Magdalena. Anaiyatsa. Inauma, kenaka funso lija linabwera. Chingerezi cha Fomu 2 chinamukwanira. Anadina povomera.

Kamera inatsitsimuka pompo! Magdalena anaseka yekha. Anajambula tambala, anajambula mtondo, ndowa, matewera a mwana wawo Mikaele pachingwe, phiri la Chiradzulu patali, anajambulanso tambala uja, kufikira kamera inanena kuti malo atha. Anamva kukoma kwa munthu amene wasesa nyumba imene munagona mlendo woipa.

Overtone anabwera dzuwa litapendeka, thukuta kamukamu, khadi yobwereka ili m’thumba.

“Mwavutikiranji? Ndaikonza,” anatero Magdalena, manja ali m’chiuno.

Mwamunayo anaona tambala. Anadina, mtondo. Anadinanso, ndowa. Anakhala pansi pang’onopang’ono ngati nkhalamba.

“Ukanangofufuta n’kusiya pomwepo, a ku Limbe akanayesa kuzibweza. Koma wajambula pamwamba pake.”

“Muwauze a Miriam abwerenso, madiresi ali nawo ambiri.”

“Za Miriam ndinatsukitsa kalekale, ndinazichotsa. Munali amayi ako, Magdalena.”



Amayi ake a Magdalena anamwalira m’mwezi wa Malichi. Moyo wawo wonse ankakana kujambulidwa. Ankati nkhope ya kumunda siyoika pakhoma. Panalibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi padziko lino.

“Chaka chatha, nthawi ya nandolo,” anapitiriza Overtone, “ndinawabisalira kuseri kwa nkhokwe akupeta. Ankaseka, mpata wa m’mano mwawo uja ukuoneka. Ndinawajambula zithunzi zisanu. Pa china anali atabereka Mikaele kumbuyo. Ndimafuna ndikakulitse chimodzi, ndiike mufelemu, ndikupatse tsiku lomanga chiliza. Ukamva dzina lawo umalira, ndiye ndinati ndidikire mtima wako uyambe wapola.”

Magdalena anatseka maso kuti awaone amayi akewo. Anaona mpango, anaona lichero. Nkhope inkabwera n’kuthawa ngati mwezi m’mitambo. Anagwada pafumbi, n’kulira kulira kumene sanalire ngakhale kumanda.

Overtone anamusiya alire. Kenaka anakhala pambali pake.

“Koma iwe, kwenikweni umafuna chiyani?”

Mkaziyo anapukuta mphuno ndi chitenje. Mawu amene anawasunga zaka ziwiri anatuluka ang’onoang’ono, ngati a mwana.

“Ndimangofuna mundijambuleko inenso. Mundiuze kuti ndimwetulire.”

Zinali zongofunika kunena m’mawa wina uliwonse, tiyi ali pamoto. Akanafunsa za khadi akanauzidwa; akanapempha chithunzi akanajambulidwa, amayi ake akanakhala pakhoma lero. Uchi unali pafupi, iye anatafuna zina. Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.